Mabaji a enamel: yankho kwa mchemwali wa ku Chilomoni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Chilomoni. Akuti anaona kabaji kachitsulo kooneka ngati mpendadzuwa pachikwama cha mnzake wa kuntchito, kanamudolola mtima, ndipo tsopano akufuna kuyamba kusonkhanitsa ake. Funso lake ndi ili: "Ndingagule bwanji pa intaneti osaberedwa, nanga ndidziwa bwanji kuti chomwe chandifika n'chenicheni?"

Achemwali, zikomo polemba. Ndiyankha motalikirapo chifukwa nanenso ndinayamba chimodzimodzi, ndipo ndinaluzapo ndalama zomwe sindifuna kuti inunso muluze.

Musanatsegule foni, tsegulani kaye masutikesi a kwanu. Mabaji si achilendo kwa ife Amalawi. Nthawi ya chipani chimodzi, referendamu ya 1993 isanachitike, amuna ambiri ankavala baji ya nkhope ya Kamuzu pajekete. Ana otsogolera anzawo kusukulu anali ndi awo, a sikauti awo, magulu a kumpingo awonso. Baji yanga yoyamba ndinaipeza m'kachitini ka mabatani ka mayi anga, ndipo inali ya malemu bambo. Ndili ndi ena ochokera kutali, okongola kuposa iyo, koma ndikamaonetsa alendo ndimayambira pa imeneyi. Kukaunjika ku Limbe nakonso, mukamasanthula majekete ndi zipewa, muziyang'ana pakolala. Nthawi zina eniake akunjawo amaiwala kuchotsa, ndipo wogulitsa sawerengera n'komwe.

Tsono muidziwe bajiyo ndi chala. Enamel ndi utoto wonga wa mbale ndi makapu achitsulo akale aja, oyera okhala ndi mkombero wabuluu. Pamabaji pali mitundu iwiri imene ogulitsa amalemba. Soft enamel ndi ija utoto wake umakhala m'munsi pang'ono, mizere yachitsulo ili pamwamba, ukasisita umamva timizeremizere. Hard enamel amaidzaza mpaka pamwamba, kuiwotcha, kenako kuipukuta mpaka isalale ngati galasi. Yachiwiriyi imakwera mtengo ndipo simakalika msanga, choncho ngati mukufuna yoika pachikwama cholowa nacho m'minibasi tsiku ndi tsiku, sankhani imeneyo. Ine mtima wanga uli kwa soft enamel chifukwa zojambula zake zimaoneka zakuya, koma zimenezo ndimasunga pakhoma.

Chinsinsi chachikulu chili kumbuyo kwa baji. Wogulitsa aliyense amajambula kumaso, koma inu mupemphe chithunzi chakumbuyo. Opanga odzilemekeza amadinda dzina kapena chizindikiro chawo pamenepo, ena ndi chaka chomwe. Muonenso misomali yake: baji yayikulu ya msomali umodzi imazungulira n'kupendama, pomwe ya misomali iwiri imakhala chilili. Nkhani ya zachinyengo ndi yeniyeni. Disney inayambitsa mwambo wosinthana mabaji kumalo ake osangalalira ku Florida mu 1999, ndipo chifukwa anthu anawakonda kwambiri, msika unadzaza ndi ena omwe osonkhanitsa amawatcha scrappers, ndiye kuti okanidwa kufakitale kapena opangidwa mwakuba. Amadziwika ndi m'mbali mokhakhala, utoto wa timaenje, mitundu yosuluka, ndi kupepuka m'manja. Mukaona wina akugulitsa mulu wa mabaji 50 a dzina lotchuka pamtengo wa awiri, musavutike n'kufunsa.

Pali china chomwe chimandipweteka mtima. Mabaji ambiri okongola amajambula ndi anthu wamba, n'kutumiza chojambulacho kufakitale, kawirikawiri ku China, ndi ndalama za m'thumba mwawo. Ena amangoba chojambulacho n'kupanga zotchipa. Tengani chithunzi cha baji mwaikondayo muchiike mu Google Lens, chida cha Google chofufuzira zinthu pa intaneti pogwiritsa ntchito chithunzi. Mukapeza mwini wake ali ndi sitolo pa Etsy kapena tsamba pa Instagram, gulani kwa iye. Ndalama zikachepa, mufunseni ngati ali ndi B grade, zomwe zili ndi kachilema kakang'ono kosaoneka patali ndipo amazitsitsa mtengo.

Tibwere pa kalipiridwe, pomwe ine ndinagwera. Zaka zingapo zapitazo ndinapeza tsamba lina lomwe linkati lili konkuno ku Blantyre, zithunzi zokongola, mayankho achangu. Anati katundu ali m'njira, nditumiziretu theka pafoni kuti andisungire atatu. Ndinatumiza. M'mawa mwake nambala sinkapezekanso, tsamba litafufutidwa. Ndalama ya pafoni ikapita kwa munthu woti simumudziwa, kuibweza n'kovuta kwambiri. Kuyambira pamenepo, wogulitsa akati ali mumzinda muno ndimamuuza tikumane masana pa Chichiri, pamalo a anthu ambiri, ndigwire bajiyo, kenako ndilipire ndi Airtel Money kapena Mpamba tili maso ndi maso. Akakhala wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, ndimamupempha ajambule bajiyo ili pakapepala kolembedwa ndi manja tsiku la lero ndi dzina langa. Wokhala ndi katundu amachita zimenezi m'mphindi zisanu. Wongotola zithunzi pa intaneti amayamba kukwiya kapena kukufulumizitsa kuti ena akuifuna. Ndipo nambala yanu yachinsinsi, kapena manambala aja amabwera pameseji potsimikiza malipiro, musauze munthu aliyense, ngakhale atadzitcha wa kukampani ya foni.

Kwa ogulitsa akunja, lipirani mkati mwa sitolo momwemo, kaya ndi eBay, Etsy kapena AliExpress, chifukwa katundu akapanda kufika muli ndi podandaula. Wina akakuuzani kuti mutuluke mukamalizire pa WhatsApp akuchotserani mtengo, mukavomera mwataya chitetezo chonsecho. Pa PayPal, yomwe ndi kampani yolipirira pa intaneti, pali njira ziwiri: Goods and Services imateteza wogula, Friends and Family siteteza. Koma dziwani ichi, chomwe anzathu akunja saganizira akamapereka malangizo: masiku odandaulira ndi owerengeka, pomwe phukusi lobwera kuno limatha milungu yambiri panjira. Lembani tsiku lomaliza pakalendala. Likayandikira phukusi lisanafike, tsegulani dandaulo, musadikire mwaulemu mpaka khomo litatsekeka. Sankhaninso katumizidwe kokhala ndi nambala yolondolera phukusi ngakhale kakwere pang'ono.

Za mtengo ndikuuzeni mosabisa. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama zakunja n'zosowa, ndipo makhadi ambiri a kubanki ali ndi malire a zomwe mungalipire kunja. Funsani kaye kubanki kwanu musanadzaze dengu. Nthawi zambiri ndalama yotumizira imaposa mtengo wa baji yeniyeniyo, ndipo phukusi likafika a MRA akhoza kufuna msonkho wake. Ife timachita chonchi: tilipo anayi, timadikira miyezi ingapo, aliyense amasankha ziwiri kapena zitatu kwa wogulitsa mmodzi, n'kugawana zotumizira. Amene ali ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku London amatumiza kumeneko, zidzabwere m'thumba la jekete pa Khirisimasi. Oda yoyamba kwa wogulitsa watsopano izikhala yaing'ono, yoti itasowa musagone ndi njala.

Sankhaninso mutu umodzi, apo ayi mudzangogula chilichonse chonyezimira. Ine ndimatsata mbalame ndi mbendera. Mnzanga wa ku Ndirande amatsata za mpira basi, kuyambira pa Bullets yake. Inu mwayamba kale ndi mpendadzuwa, bwanji osapitiriza ndi maluwa?

Baji zanu zikafika, chotsani timphira kapena tizitsulo tofinya tomwe zimabwera nato kumbuyo, mugule totsekera tokhoma tomwe amalemba kuti locking backs, poti pothithikana pa depoti ya Wenela baji imatha kugwa osamva. Zosunga m'nyumba zibayeni pansalu yokhuthala kutali ndi zenera. Chiperoni cha June ndi July chimabweretsa chinyontho chomwe chimachititsa dzimbiri pamisomali, ndiye timapaketi toyera tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano musamataye, muziika tiwiri m'bokosi la mabaji anu. Baji yoyamba ikafika, munditumizire chithunzi cha kumaso ndi cha kumbuyo, tidzaione limodzi.