Kodi mpando wogona chagada uja unayambira kuti?

FUNSO: Zikomo akonzi. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg atitumizira mpando uja umati ukakoka chogwirira cha pambali umapendekeka miyendo nkukwera m'mwamba. Kodi mipando imeneyi ndi yatsopano kapena inayamba kale?
Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Aaa inayamba kalekale ndithu, agogo anu asanabadwe nkomwe. Cha m'ma 1860 ku England kampani ya William Morris inkagulitsa kale mpando woti kotsamira kumasunthika, koma chogwirira panalibe ayi, munthu umachita kudzuka nkuzungulira kumbuyo kukasuntha kandodo pa timano take mpaka upendekeke mmene ukufunira, ndiye nkubwerera kudzakhala, ukaona kuti sizinakhale bwino udzukenso. Chintchito.

Koma mtundu wa mpando wanuwo kwawo ndi ku America. Mu 1928 asuweni awiri, Edward Knabusch ndi Edwin Shoemaker a m'tauni ya Monroe ku Michigan, anakhoma mpando wa timatabwa wokhalira pakhonde woti ukangotsamira umapendekeka wokha potsata thupi. Vuto linali loti kumeneko kukazizira palibe amakhala pakhonde, ndiye mu 1929 anauveka thonje ndi nsalu nkuulowetsa pabalaza. Kampani yawo ndi imene ija ya La-Z-Boy, ilipobe mpaka lero.

Ine ndimaona kuti chimene chinaufalitsa m'nyumba za anthu apakatikati, aja olandira malipiro pa mwezi, ndi TV basi. M'ma 1950 mabanja ambiri ku America anagula TV, anthu anayamba kutha maola ali pamalo amodzi madzulo, komanso mafakitale amapanga mipando yambirimbiri mtengo nkutsika. Otsatsa malonda nawonso anaukankhira kwa azibambo, akuti akaweruka ku ntchito apumulirepo, mpake mpaka pano m'nyumba zambiri umangotchedwa mpando wa bambo, mwana akakhalapo amachita kuyang'ana kukhomo. Mu 1961 La-Z-Boy anatulutsanso wina wopendekeka komanso wogwedezeka uku ndi uku, unagulidwa kwambiri, a magetsi ongodina batani anabwera pambuyo.

Wanuwo poti ndi wa chogwirira mwachita mwayi, magetsi akathima muli chagada simuvutika kudzuka. Kungoti ana asamaseweretse, zitsulo za pansi pa poika miyendo zimapana zala zoopsa, ndipo ukayamba kulira kwiii thirani ka oyilo m'molumikizira musanaitane mmisiri.