Anandikongola K80,000, lero agonekedwa m'chipatala: ndipite kukawaona?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Ndirande, membala wa Mvano. Dzina sinditchula. Mwachidule akuti: "Neba wanga, yemwe timatunga naye madzi pampopi umodzi, anandikongola K80,000 ya sukulu fizi ya mwana wake. Anati abweza mwezi ukatha. Papita miyezi 9. Ndamuona atavala zitenje zatsopano, foninso anasintha. Tinasiya kupatsana moni, ndipo anzanga onse a kumpopi ndinawauza za khalidwe lake. Pano wagonekedwa ku Queens. Kutchalitchi amati tizikonda anansi athu. Ndiye kuti ndiiwale ndalama zanga, ndizikamumwetsa phala ngati palibe chinachitika? Kodi chikondi n'kupusa?"

Mayi, mkwiyo wanuwo ndi womveka. K80,000 si ndalama yotola pamsewu. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse tinaphunzira kuti ndalama ikachedwa m'manja mwa wina imasungunuka ngati mchere pamvula. Ngakhale akubwezereni mawa, sigulanso zomwe ikanagula tsiku lomwe munawapatsa. Baibulonso siliikira kumbuyo wokongola wosabweza: Masalimo 37:21 amangomutcha woipa, osazungulira. Choncho munthu asakunamizeni kuti Mkhristu weniweni salonjerera ngongole.

Koma tatsegulani Levitiko 19. Mawu aja akuti uzikonda mnansi wako monga udzikondera wekha ambirife timawadziwira pakamwa pa Yesu, pa Mateyu 22:39, osadziwa kuti Iye anawatenga pa vesi 18 ya mutu umenewu. Tawerenganinso mavesi awiri apamwamba pake. Vesi 16 ikuletsa kuyendayenda ndi miseche pakati pa anthu. Vesi 17 ikuti usamude mbale wako mumtima, koma umudzudzule maso ndi maso. Kenako ndi pomwe pakubwera vesi 18: usabwezere, usasunge kanthu kukhosi, uzimukonda. Lamulo la chikondi lakhazikika pamwamba pa lamulo loti ukamuuze munthu cholakwa chake iye akumva.

Apa ndi pomwe kalata yanu yandigwira mtima. Mwalemba kuti anzanu a kumpopi akudziwa zonse. Simunalembe kuti munakhalapo pansi ndi mwiniwake n'kumufunsa kuti, "Amayi, za ndalama zija tikupanga bwanji?" Mwina munatero koma mwangoiwala kulemba. Ngati simunatero, ndiye kuti zomwe vesi 16 ikuletsa mwachita, zomwe vesi 17 ikulamula mwazilumpha.

Sindikunena ngati munthu woyera m'manja. Ine ndinabwerekapo msuweni wanga matumba awiri a feteleza, ndipo kwa zaka ziwiri sindinamufunse, koma mudzi wonse unadziwa kudzera mwa ine. Pamaliro tinkawotha moto umodzi osayang'anana. Tsiku lomwe ndinalimba mtima n'kumufikira, anandiuza kuti ankandizemba chifukwa cha manyazi, poti anamva kuti ndamugulitsa kale kwa aliyense. Sankanama. Thumba limodzi anabweza chaka chomwecho. Linalo mpaka lero.

Za kuchipatalako, yankho langa ndi lakuti pitani, ndipo musadikire kuti nkhani ya ndalama ithe kaye. Eksodo 23:5 akuti ukaona bulu wa munthu wodana nawe atagwa ndi katundu, usamusiye, umuthandize kumudzutsa. Sakuti muyambe mwagwirizana. Buluyo wagwa lero, mlandu wanu mudzaukamba tsiku lake. Ndi zomwenso Yesu anachita pa Luka 10, pomwe katswiri wa malamulo anamufunsa kuti mnansi wanga ndani. Anamutengera kumsewu wochoka ku Yerusalemu kutsikira ku Yeriko, wa makilomita pafupifupi 27 m'chipululu mobisala achifwamba, n'kumuonetsa Msamariya, wa mtundu womwe Ayuda sankayenderana nawo, akuthira mafuta ndi vinyo pamabala a munthu wosamudziwa. Anasiyanso madinari awiri kunyumba ya alendo, malipiro a ganyu ya masiku awiri. Mbiri ya wovulalayo sanaifunse. Bala linali patsogolo pake, basi.

Ndipo inu a ku Blantyre simufunika kuphunzitsidwa zimenezi. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche mu Malichi 2023, oyamba kufika ndi makasu ku Chilobwe anali maneba. Sindikhulupirira kuti panali yemwe anayamba waona kaye m'kope mwake kuti wokwiririkayo ali naye ngongole yanji. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kupita kukazonda wodwala sikufafaniza ngongole. Ziwirizi muzisiyanitse. Akatuluka n'kupezako mphamvu, mukawapeze ali okha, monga Mateyu 18:15 akunenera, ana ndi anzanu a kumpopi palibe. Deuteronomo 24:10-11 ali ndi kalangizo kamene ine ndimakakonda kwambiri: wokongoza asalowe m'nyumba ya wokongola kukadzitengera chikole, aime panja, mwini nyumba ndiye atulutse yekha. Ngongole ilipo, yatsimikizika, koma ulemu wa munthuyo pakhomo pake sulandidwa. Ndiye osakafikira kuloza foni ija kapena zitenje. Simukudziwa kuti zinachokera kuti. Mwina anawagulira ndi mchimwene wawo wa ku Joni. Funsani zomwe angakwanitse. Kaya ndi K10,000 pamwezi, mulembe papepala ngati mmene mumachitira ku banki m'khonde, nonse musayine. Akakana kukumverani, Mateyu 18:16 akuti mutenge mmodzi kapena awiri. Amayi aakulu a Mvano osunga chinsinsi alipo, inu mukuwadziwa kuposa ine.

Zingathekenso kuti matendawa awasiya opanda chilichonse. Pamenepo mudzasankhe nokha, popanda wokukakamizani. Luka 6:35 amalimbikitsa kukongoza osayembekezera kanthu, ndipo ndikuvomereza kuti vesi imeneyi ndi yowawa kumeza. Mukasankha kukhululuka ngongoleyo, muwauze ndi pakamwa panu kuti yatha, kuti asamakuzembeninso panjira. Choipa n'kunena kuti ndakhululuka kwinaku mukuwerengera mumtima chitenje chilichonse chomwe avala. Zowakongozanso mtsogolo, palibe lamulo lokukakamizani. Mukafuna kuthandiza, perekani zomwe mungathe kuziiwala.

Pali ngongole inanso yomwe simunaitchule, ndipo iyi ndi yanu. Dzina la mayiwa munalitengera kumpopi. Mwana wawo amadutsa pomwepo popita kusukulu, ndipo ana amamva zambiri kuposa mmene timaganizira. Mudzawapepese mayiwo pa chimenechi, ngakhale asanabweze ndi tambala yomwe. Kwa anzanuwo n'zokwanira kunena kuti, "Nkhani ija ndinalakwitsa kuibweretsa pano, tikambirana tokha."

Pakadali pano phikani phala la mgaiwa, muthire nsinjiro, muike mufulasiki. Tenganinso sopo ndi shuga pang'ono. Funsani wowadikirira kuti ali wodi iti komanso nthawi yoonera odwala. Mukafika perekani moni womwe mwakhala mukuwamana miyezi yonseyi, mufunse mmene agonera, mufunsenso ngati ana kunyumba ali ndi ufa. Za K80,000 musazitchule muwodimo, ngakhale ataziyamba okha. Muwauze kuti, "Izo tidzakamba mukachira, imwani kaye phalali lisanazizire."