Musawasiyitse bambo morphine chifukwa cha mafuta a chamba

Achemwali, mafuta a chamba amene akukuuzani kuti mugulire bambo anu odwala khansawo ndimawadziwa bwino, chifukwa ndinawagulira mayi anga pamene khansa ya khomo la chiberekero inawagoneka kwathu kuno ku Mulanje. Anandigulitsa ndi bambo wina wovala taye pa msika wa Limbuli, kabotolo kopanda cholembedwa chilichonse, pa mtengo wa K40,000 imene ndinachita kukongola kwa mnzanga wothyola naye tiyi. Anandiuza kuti boma linavomereza kale chamba, ndiponso kuti mayi asiye morphine wakumwa, mankhwala oletsa ululu amene ankalandira kuchipatala, ati chifukwa amapha msanga, ndipo ine ndinamvera.

Usiku wachitatu, cha m'ma 1 koloko, mvula ikukhuthuka, mayi anayamba kukuwa ndi ululu, thupi lonse lili thukuta lokhalokha, mtima ukugunda moti ndinkauona pa chilundu chimene anafunda. Ndinawawonjezera madontho monga anandilangizira bambo aja, koma m'malo mogona anayamba kunditchula dzina la malemu mchimwene wawo ndi kundipempha kuti ndithamangitse anthu amene panalibe. Wakabaza anakana kubwera chifukwa cha matope, choncho ine ndi azibale awiri tinawanyamula pa chitseko mpaka kumsewu wa tala, ndipo ulendo wonsewo mayi ankangoti tiwasiye afe. Namwino atandifunsa tsiku limene anamwa morphine komaliza, ndinasowa poyang'ana. Foni ya wogulitsa uja sinapezekenso, ndipo mpaka lero ndikaona munthu akuitanira odwala pamsika, m'mimba mumanditentha, chifukwa munthu ameneyu anadziwa kuti wosamalira wodwala amagula chilichonse.

Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa kuti lamulo limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2020 limalola kulima ndi kukonza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso cha bungwe la Cannabis Regulatory Authority, osati aliyense wokhala ndi botolo m'chikwama. M'chamba muli THC amene amaledzeretsa ndi CBD amene saledzeretsa, ndipo m'kabotolo kanga palibe anayeza kuchuluka kwa chilichonse mwa ziwirizi. Chamba chikhoza kuchepetsa mseru ndi kubwezeretsa chilakolako cha chakudya, koma chotupa cha mayi sichinachepe ngakhale pang'ono.

Ndiye musagule, achemwali. Komabe sindinama, masiku awiri oyambirira mayi anadya nsima ndi nkhwani atatha sabata akungomwa phala, ndipo ngati bambo ayamba kale kumwa n'kumadya, ine sindingawalande botololo. Lolemba mulitenge popita nawo kuchipatala, mukawaonetse anamwino osamalira odwala khansa, ndipo morphine apitirize kumwa pa nthawi yake, ngakhale usiku.