Akuti si iwo, ndi Satana

Alangizi,

Ndakhala pabanja zaka 9 ndipo tili ndi ana atatu. Mwezi wathawu ndatulukira kuti bambo akunyumba apereka mimba kwa mtsikana wina wa kuntchito kwawo. Nditawafunsa anagwada pansi n'kulira, amvekere si iwo, ndi Satana. Apongozi aakazi akuti ndipirire poti ndi mayesero, ndipo mneneri wina akufuna K80,000 kuti awatulutse chiwanda cha chigololo. Mutu wanga sukugwira. Ngati Mulungu ndi wamphamvuzonse, amamulekereranji Satanayu kuti azipasula mabanja? Nanga ndikwiyire ndani?

Mayi wa ana atatu, Lilongwe

Amayi,

Pepani ndi zimene zakugweranizi. Tiyambe ndi funso lanu lomalizalo.

Dzina loti Satana ndi la Chiheberi, ndipo limatanthauza mdani kapena woneneza. Ntchito zake m'Baibulo ndi kunama, kuneneza ndi kuyesa anthu. Koma palibe pamene Baibulo limachotsera wachigololo mlandu chifukwa anayesedwa. Pa Genesis 3:12-13 Adamu analoza mkazi, mkazi analoza njoka, koma chiweruzo chinagwera onse atatu. Yakobo 1:14-15 amachita kumasula: munthu amakokedwa ndi chilakolako chake chomwe, chilakolakocho chimatenga pakati n'kubala tchimo. Ndiye taganizani, mimbayo isanabwere panali kupempha nambala ya foni, kufufuta mauthenga, kulipira chipinda ku resitihausi, ndi kukunamizani kuti kuntchito kwachuluka zochita. Pa chilichonse mwa izi mpata wobwerera unalipo. Yosefe atakokedwa malaya ndi mkazi wa Potifara anangowasiya m'manja mwake n'kuthawa.

Nanga Mulungu amamulekereranji? Mpingo umaphunzitsa kuti Mulungu sanalenge choipa. Augustine, bishopu wa mzinda wa Hippo kumpoto kwa Africa, yemwe anamwalira m'chaka cha 430, ankati choipa ndi kusowa kwa chabwino, monga bala limene lilibe moyo wakewake koma limangoononga thupi labwino. Mulungu anapatsa angelo ndi anthu ufulu wosankha, chifukwa kukhulupirika kwa munthu womangidwa chingwe m'khosi si kukhulupirika. Satana nayenso ali ndi malire: pa Yobu 1:12 ndi 2:6 sakanatha kupyola pamene analoledwa. Pa Luka 22:31-32 anapempha kuti apete ophunzira ngati tirigu, ndipo mkazi aliyense wogwira lichero amadziwa kuti kupeta kumaonetsa mankhusu ndi chakudya. Komabe tisanamizane, Yobu mwiniwake sanauzidwe chifukwa chimene anavutikira. Amene akukuuzani molimba mtima cholinga cha Mulungu pa vuto lanuli akungolota.

Apongozi akulondola pang'ono. Mulungu amatha kutulutsa chabwino m'choipa, monga Yosefe anauzira abale ake pa Genesis 50:20. Koma pa vesi lomwelo anawauza maso ndi maso kuti iwo anamukonzera choipa, ndipo asanadziulule kwa iwo anayamba wawayesa kuti aone ngati anasinthadi. Inunso mukhoza kukhululuka uku mukuyang'anitsitsa.

Sabata yomwe ino pitani nonse awiri kuchipatala mukayezetse HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana, ndipo mukabwereze pakatha miyezi itatu chifukwa kachilombo kongolowa kumene sikaoneka msanga. Mpaka nthawi imeneyo gwiritsani ntchito kondomu kapena muyambe mwapumira za kuchipinda.

Kenako itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Nkhaniyi isathere m'manja mwa apongozi okha, mayi sangaweruze mwana wake. Pamaso pa ankhoswewo bambowo afotokoze ndi pakamwa pawo kuti chibwenzicho chinayamba liti, ndalama zapita zingati, ndipo chatha kapena ayi. Tcherani khutu kuti mlandu akuuika pa ndani. Davide atadzudzulidwa ndi Natani pa nkhani ya Batiseba anavomera kuti wachimwira Yehova (2 Samueli 12:13), Satana sanamutchule n'komwe. Munthu amene akuti wolakwa ndi wina sakuona chimene iye ayenera kusintha, n'chifukwa chake otere amabwerezanso.

Mwana akubwerayo alibe mlandu, ndipo lamulo limakakamiza bambo kumusamalira. Gwirizanani ndalama ya pamwezi, ilembedwe papepala ankhoswe asaine, ndipo izitumizidwa pa Mpamba kapena Airtel Money inu mukuona. Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwera: mukapanda kupangana bwino, ulendo wokaona mwana umasanduka njira yobwererana ndi mayi ake.

K80,000 ija musapereke. Pa Mateyu 10:8 Yesu anatuma ophunzira kutulutsa ziwanda ndi lamulo loti apereke kwaulere, ndipo pa Machitidwe 8:20 Petro anakalipira Simoni wamatsenga pofuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama. Choopsa china n'chakuti bambowo akakagwa pansi kwa mneneriyo adzabwera akuti chiwanda chatuluka, nkhani yatha, pamene nambala ya mtsikanayo ikadali m'foni. Mapemphero ngofunika, koma pitani kwa abusa kapena aphungu a mabanja a mumpingo wanu, amene angakhale nanu pansi kangapo.

Simunatiuze ngati pakhomopo pamachitika nkhanza. Ngati mukayamba kufunsa mafunsowa akuopsezani kapena kukumenyani, musadikire ankhoswe. Pitani ku Victim Support Unit kupolisi yapafupi, ndipo khoti lingathe kukupatsani chikalata chokutetezani potsatira lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006.