Kodi mizinda imawaganizira ana athu?

Funso: Akonzi, mwana wanga wa zaka 14 amadandaula kuti akuluakulu a mzinda samva maganizo a achinyamata. Kodi kuli mizinda yomwe imachitapo kanthu pa za ana?
Mayi wa ana atatu

Yankho: Ilipo ndithu mayi, ndipo mwana wanuyo akunena zomveka.

Ndiyambe ndi mayendedwe, poti ndalama ya basi imalemetsa makolo ambiri. Ku London, ana osakwana zaka 11 amakwera basi ulere, ndipo a zaka 11 mpaka 15 amakweranso ulere akakhala ndi khadi yoyendera yotchedwa Zip Oyster. Ku Scotland konse, kuyambira mu Januwale 2022, osakwana zaka 22 salipira basi. Mwana amatha kufika kusukulu, kulaibulale, kuchipatala kapena kubwalo la masewera osadikira kuti kholo lipeze ndalama.

Pa za kumvedwa, ndime 12 ya pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 imati mwana anene maganizo ake pa zomukhudza. Mzinda wa Boston, ku America, unandisangalatsa kwambiri: mu 2014 unapereka madola 1 miliyoni kuti achinyamata avote okha ntchito zoti ndalamazo zigwire. Kwa ine apa mpamene pali nkhani, chifukwa komiti ya achinyamata yopanda ndalama imangothera kukambirana.

Mwana wanuyo afunse khansala wa dera lanu ngati khonsolo ili ndi komiti yotere, komanso tsiku lomwe imakumana. Ngati palibe, iye ndi anzake alembe kalata yopempha kuti ikhazikitsidwe.