Musawatsekere m'chipinda, pitani nawo kuchipatala

Mayi wina wa ku Kawale wandilembera pa imelo. Amuna awo, omwe amayendetsa kabaza, anayamba kumwa tramadol, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, atachita ngozi. Bala linapola kalekale koma mapilitsi sanawasiye, ndipo akayesa kusiya amadwala. Funso lawo: "Ndiwatsekere m'chipinda sabata yathunthu kuti mankhwalawa atuluke m'thupi?"

Mayi, chonde musatero.

Tramadol ndi wa gulu limodzi ndi morphine, pethidine komanso codeine wopezeka m'mankhwala ena a chifuwa. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku, thupi limazolowera, ndiye akangosiya limapanduka. Kawirikawiri zimayamba tsiku lisanathe: kuyasamula kosalekeza, mamina ndi misozi, thukuta kwinaku akunjenjemera, m'mimba mopotokola, kutsegula, kuphwanya m'mafupa, tulo osabwera. Zimafika poipa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, n'kuyamba kuchepa sabata ikamatha. Bambowo sakunamizira, komanso palibe wawalodza. Tramadol amawonjezeranso zake: womusiya mwadzidzidzi amatha kugwidwa mantha aakulu kapena kusokonezeka mutu, ndipo womwa ambiri amatha kugwa ngati wakhunyu. N'chifukwa chake adokotala amachepetsa mlingo pang'onopang'ono.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chimene chimabwera sabatayo ikatha. Thupi limakhala litaiwala mphamvu ya mankhwala, pomwe chilakolako chikadalipo. Akadzamwanso mapilitsi ochuluka ngati kale, kupuma kumatha kuima, makamaka akaphatikiza ndi mowa kapena mapilitsi ogonetsa a diazepam. Mukadzaona sakudzuka ngakhale muwagwedeze, akupuma motalikitsa, mkonono wake ndi wachilendo, agonekeni cham'mbali ndipo pezani galimoto msanga kupita ku Kamuzu Central. Osadikira kuti kuche. Pali jakisoni wotchedwa naloxone amene amabwezeretsa kupuma.

Poyambira pabwino ndi ku Bwaila, komwe kuli gawo loona za matenda a maganizo, kapena ku St John of God ku Area 43. Ndikudziwa, bambo akana, azati "ine si wamisala". Musakangane nawo za dzinalo. Auzeni kuti mukukafuna njira yosiyira yosawawa kwambiri. Kumeneko akanene zoona, mapilitsi angati patsiku, kuyambira liti. Mukafunsenso za methadone ndi buprenorphine, mankhwala othandiza kusiya mankhwala a gulu limeneli, amene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2005.

Podikira tsiku lopitalo, sungani mapilitsiwo patali ndi ana, ndipo bambo asakwere njinga atamwa.