Kodi mwini masheya wamkulu adzalola kuti tiyese zatsopano?

Funso: Tilipo atatu amene tili ndi kampani yopuntha mpunga ku Jali, m'boma la Zomba. Tikufuna kuyamba kulongedza mpunga m'mapaketi a dzina lathu, komanso kuumba makala kuchokera ku mankhusu amene timangowataya. Mkulu wina wopikulitsa mpunga akufuna kuikamo ndalama, koma akuti timupatse masheya 60 pa 100 alionse. Kodi akakhala ndi gawo lalikulu chotere, maganizo athuwa adzapita patsogolo?

Yankho: Bambo, kukula kwa gawo la munthu pakokha sikupha luso m'kampani. Chimene muyenera kufufuza ndi kutalika kwa nthawi imene mkuluyo angathe kudikira phindu, ndiponso kumene iye amapezera ndalama zake zina.

Pali umboni woti mwini masheya wamkulu atha kukhala mthunzi wa anthu oyesa zatsopano. M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni imene kampani ya mafoni ya Safaricom inakhazikitsa ku Kenya mu 2007, inabadwa m'maganizo a anthu a ku Vodafone, kampani imene inali ndi gawo lalikulu, ngakhale losafika theka, m'Safaricom. Nawonso akatswiri a zachuma Philippe Aghion, John Van Reenen ndi Luigi Zingales, pa kafukufuku amene anasindikiza mu 2013, anapeza kuti makampani a ku America amene masheya awo ambiri ali m'manja mwa mabungwe oika ndalama amatulukira zinthu zatsopano kuposa anzawo. Chifukwa chake n'chakuti mwini wa gawo lalikulu amalondola ntchito mwapafupi, motero amatha kusiyanitsa tsoka ndi ulesi, ndipo sathamangira kuchotsa woyendetsa kampani pamene chinthu chatsopano chakanika poyamba. Kuno kwathu umwini wotere si wachilendo, pakuti Press Corporation ili ndi gawo loposa theka mu National Bank of Malawi, ndipo pamene Airtel Malawi inalowa pa msika wa masheya mu 2020, eni ake aakulu anasungabe 80 pa 100.

Komabe nkhani yanu ili ndi minga imene ikundidetsa nkhawa. Mkuluyu ndi wopikulitsa mpunga, kutanthauza kuti phindu lake lenileni lili pa kugula mpunga wopuntha kale pa mtengo wotsika ndi kukaugulitsa m'matumba. Inu mukayamba kulongedza m'mapaketi ndi kukasiya nokha m'masitolo a mumzinda wa Zomba, mudzakhala mukulanda msika wa bizinesi yake ina. Munthu wa masheya 60 ndiye amasankha anthu a m'bodi, ndipo sadzafunika kukana poyera: adzangonena kuti phindu lonse ligawidwe chaka ndi chaka, ndalama zogulira makina olongedzera ndi zolipirira chiphaso cha Malawi Bureau of Standards n'kusowa. Ntchito ya makala ndiyo ingavutike kwambiri, poti idzadya ndalama kwa nyengo zingapo isanabweze kanthu.

Malangizo anga ndi akuti musiyanitse ndalama ndi mavoti. Google itagulitsa masheya kwa anthu mu 2004, oyambitsa ake anasunga mtundu wa masheya wokhala ndi mavoti 10 pa sheya iliyonse, n'cholinga choti asakakamizidwe kuthamangira phindu la msanga. Kampani yaing'ono ingathe kutsanzira mfundoyi pomupatsa mkuluyo masheya oyamba kulandira phindu koma opanda mphamvu yonse posankha bodi, kapena kumugulitsa gawo losafika theka, ndalama zotsalazo n'kulowa ngati ngongole yokhala ndi nthawi yobwezera.

Ngati akakamira pa 60, musasaine musanalembe pangano la eni masheya pamaso pa loya wodziwa lamulo la makampani la 2013. M'panganomo mulembe gawo la phindu limene lizitsala m'kampani chaka chilichonse kuti ligwire ntchito zatsopano, mulembe kuti mpunga wogulitsidwa ku bizinesi yake uzipita pa mtengo wa pamsika, ndiponso kuti atatunu mukhale oyamba kugula masheya ake tsiku limene adzafune kutuluka. Pokambiranapo, mufunseni mwaulemu ngati angapirire zaka zitatu osalandira phindu, ndipo yankho lakelo lilowenso m'pangano.